Msonkho Umene Mabwana a ku America Adaukana Osaphwanya Lamulo

Pali misonkho ina imene boma limaika pofuna ndalama zomangira misewu, zipatala ndi sukulu, ndipo pali ina imene limaika pofuna kuletsa khalidwe loipa. Msonkho wa eksaizi umene umakhala pa fodya wosuta ndi pa mowa wa m'mabotolo uli ndi zolinga ziwiri zonsezi, ndipo aliyense wogwira ntchito m'boma akuudziwa bwino. Koma ku United States of America kuli msonkho wina wa eksaizi umene suli pa botolo kapena pa ndudu ayi. Uli pa ndalama zimene bwana wamkulu wa kampani amalandira pamene kampaniyo yagulidwa ndi anthu ena. Msonkho umenewu udakhazikitsidwa m'chaka cha 1984, ndipo pa zaka zoposa makumi anayi zimene wakhala m'mabuku a malamulo, waonetsa poyera chinthu chochititsa manyazi: munthu wolemera angathe kukana msonkho popanda kuphwanya lamulo, pongolemba ndime imodzi m'pangano lake la ntchito yonena kuti msonkhowo adzamulipirira ndi wina.

Ndalama zimenezi eni ake amazitcha golden parachute, kutanthauza kuti parachuti wagolide. Dzinali adalisankha bwino. Ndege ikayamba kupsa m'mwamba, woyendetsa amene ali ndi parachuti amalumpha nkukatera pansi bwinobwino, pamene anthu amene adawanyamula akugwa nayo ndegeyo. Mmodzi mwa anthu oyamba kulemberedwa pangano lotere adali a Charles Tillinghast, amene adapatsidwa udindo woyendetsa kampani ya ndege ya TWA m'chaka cha 1961, pa nthawi imene eni ngongole ankalimbana ndi a Howard Hughes pa za ulamuliro wa kampaniyo. Iwo ankaopa kuti a Hughes akabwerera adzawachotsa, choncho adawalonjeza ndalama ngati zimenezo zitachitika. Sizidachitike, ndipo nkhaniyo idangokhala ya m'mafailo.

Zinthu zidasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene makampani aakulu a ku America adayamba kumezana ngati nsomba za m'nyanja. M'chaka cha 1982 a William Agee, mkulu wa kampani ya Bendix, adayesa kugula kampani ya Martin Marietta mokakamiza. A Martin Marietta nawo adatembenuka nayamba kugula masheya a Bendix, mpaka makampani onse awiri adatsala pang'ono kutha mphamvu ndi ngongole. Pamapeto pake kampani yachitatu, ya Allied, ndiyo idameza Bendix. Munthu amene adayambitsa nkhondo yonseyi, naluza kampani imene adapatsidwa kuti aisamalire, adachoka m'chaka cha 1983 ali ndi madola pafupifupi 4 miliyoni. Anthu wamba a ku America adafunsa funso limene mwana wa sukulu angafunsenso: kodi mlonda amene katundu wabedwa m'manja mwake amapatsidwa mphotho?

Nyumba ya Malamulo ya Congress idamva mkwiyo wa anthu, ndipo m'lamulo la Deficit Reduction Act, limene Pulezidenti Ronald Reagan adasaina mu July 1984, idaikamo ndime ziwiri m'buku la misonkho. Ndime ya 280G imaletsa kampani kuwerengera ndalama za parachuti zopyola muyezo ngati ndalama zoyendetsera bizinesi pamene ikuwerengetsa msonkho wake. Ndime ya 4999 imaika msonkho wa eksaizi wa magawo 20 pa 100 aliwonse pa bwana mwiniwakeyo, kuwonjezera pa msonkho wa masiku onse wa pa malipiro. Cholinga chidali chomveka ndithu. Kampani imene ikupereka imve kuwawa, bwana amene akulandira amvenso kuwawa, ndipo onse awiri aganize kawiri.

Muyezo wake adaukonza motere. Amatenga malipiro a bwanayo a zaka zisanu zapitazo, nkupeza chiwerengero chapakatikati cha chaka chimodzi. Ndalama za parachuti zikakhala zochepera pa chiwerengero chimenecho kuchulukitsa katatu, palibe msonkho wa eksaizi ngakhale pang'ono. Koma zikangofika pa katatu, msonkhowo umagwera pa ndalama zonse zopitirira malipiro a chaka chimodzi, osati pa zopitirira katatu zokha ayi. Mwachitsanzo, bwana amene malipiro ake apakatikati ndi madola 1,000,000 pa chaka akalandira madola 2,990,000, salipira kanthu. Akalandira madola 3,000,000, amamuwerengera msonkho pa madola 2,000,000, ndipo msonkho wake ndi madola 400,000. Kusiyana kwa madola 10,000 kumabweretsa chilango cha madola 400,000. Opanga lamulo adaganiza kuti amanga mpanda wolimba, ndipo palibe amene adzayandikire.

Apa mpamene padayambira zodabwitsa. Lamulolo lisadabwere, makampani ambiri adalibe mapangano otere, ndipo mwa amene adali nawo, ambiri ankalonjeza malipiro ochepera pa zaka zitatu. Koma boma litangonena kuti chilango chikuyambira pa katatu, maloya ndi alangizi a za malipiro adamva ngati boma lanena kuti chilichonse chochepera pa katatu ndi chovomerezeka. Nambala ya 2.99 idalowa m'mapangano a ntchito kuchokera ku New York mpaka ku California. Bwana amene kale sakadalimba mtima kupempha malipiro a zaka zitatu tsopano ankaloza buku la malamulo, nanena kuti ngakhale boma lavomereza. Mpanda umene udamangidwa kuti uletse ng'ombe udasanduka chizindikiro chowasonyeza abusa pamene msipu wa anthu ukulekezera, ndipo onse adathamangitsira ng'ombe zawo mpaka pampandapo.

Izi zokha zikadakhala zokwanira kuchititsa manyazi amene adalemba lamuloli. Komatu choipitsitsa chidali chisanabwere. Mabwana ena sadafune kuima pa 2.99, ndipo sadafunenso kulipira msonkho. Tsono maloya adatulukira ndime imene amaitcha gross-up. Mawu ake ndi aulemu kwambiri, koma tanthauzo lake ndi ili: ngati boma lidzalipiritsa bwana msonkho wa eksaizi, kampani idzamupatsa ndalama zina zowonjezera zoti alipirire msonkhowo, kuti m'thumba mwake mutsale ndalama zofanana ndi zimene zikadatsala lamulolo kukadapanda kukhalapo.

Ndi bwino kuti wowerenga aime pang'ono apa ndi kuwerengera, pakuti chinyengo chonse chabisala m'masamu. Ndalama zowonjezerazo nazonso ndi malipiro, choncho zimadulidwa msonkho wa pa malipiro. Ndiponso ndi gawo la parachuti, choncho zimadulidwa msonkho wa eksaizi. Ngati msonkho wa pa malipiro a bwanayo uli pafupifupi magawo 40 pa 100, ndipo wa eksaizi ndi magawo 20, ndiye kuti pa dola iliyonse yowonjezera boma likutenga masenti 60, bwana nkutsala ndi 40. Kuti bwana uja wa m'chitsanzo apeze madola 400,000 olipirira msonkho wake, kampani iyenera kumupatsa madola 1,000,000. Ndipo pa madola miliyoni amenewa kampani siloledwanso kuwachotsera powerengetsa msonkho wake. Chilango cha madola 400,000 chimene chidalembedwa m'dzina la munthu mmodzi chasanduka mtolo woposa madola miliyoni pamutu pa kampani, ndipo munthu wolangidwayo sadataye ngakhale senti.

Nanga kampani ndani? Kampani ilibe thumba lakelake. Ndalama zake ndi za eni masheya, ndipo ku America ena mwa masheya amenewa ali m'manja mwa mabungwe osunga ndalama za penshoni za aphunzitsi, ozimitsa moto, amakalaliki a boma ndi ogwira ntchito m'mafakitale. Ndalama zina zimachokera kwa ogula katundu wa kampaniyo, ndipo zina zimapezeka pochotsa anthu ntchito. Akale adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Kuno zatembenuka: wadya nkhuyu ndi wamkulu, koma wopotedwa m'mimba ndi mwana.

Chitsanzo chake chidaoneka m'chaka cha 2005, pamene kampani ya Procter & Gamble idagula kampani ya malezala ya Gillette, ya ku Boston, pa mtengo wa madola pafupifupi 57 biliyoni. Polengeza za malondawo, makampaniwo adanena kuti anthu pafupifupi 6,000 adzachotsedwa ntchito. Mkulu wa Gillette, a James Kilts, amene adali atakhala pa udindowo zaka zinayi zokha, zimene adakonzeredwa zidapitirira madola 150 miliyoni, kuphatikizapo masheya ndi ndalama zowalipirira msonkho wa eksaizi. Akuluakulu a boma la dera la Massachusetts adafufuza nkhaniyi, manyuzipepala adalemba, anthu adakwiya. Koma palibe lamulo limene lidaphwanyidwa, ndipo apa mpamene pali mlandu weniweni. Wakuba wothyola loko amagwidwa ndi apolisi. Koma amene walemba yekha pangano lomupatsa makiyi, apolisi amamuchitira sawasha.

Tsono wantchito wamba amene wachotsedwa chifukwa cha malonda omwewo, lamulo limamupatsa chiyani? Malamulo a boma lalikulu la America sakakamiza wolemba ntchito kupereka chipukuta misozi kwa munthu amene wamuchotsa. Chimene chilipo ndi lamulo la WARN la chaka cha 1988, limene limalamula makampani a antchito 100 kapena kuposerapo kuti apereke chenjezo la masiku 60 asanatseke fakitale kapena kuchotsa anthu ambiri. Masiku 60 kwa munthu amene wagwira ntchito zaka makumi awiri, malipiro a zaka zitatu opanda msonkho wa eksaizi kwa munthu amene wakhala zaka zinayi. Ndipo wantchitoyo msonkho wake umadulidwa malipiro asanafike m'manja mwake. Palibe kalaliki, dalaivala kapena mesenjala amene adapitapo kwa bwana wake kukapempha kuti amulipirire msonkho, chifukwa akudziwa yankho limene angalandire.

Oikira kumbuyo mchitidwewu ali ndi zonena zawo, ndipo nkoyenera kuzimva. Amati bwana amene akuopa kutaya ntchito adzakana malonda ngakhale abwino kwa eni masheya, choncho parachuti amamumasula kuti aweruze mosakondera. Mawuwa akumveka ngati anzeru, koma munthu akawasenda, m'kati mwake mukupezeka kuvomereza koopsa. Akunena kuti munthu amene amalipidwa mamiliyoni chaka chilichonse kuti asamalire chuma cha ena sangachite chilungamo pokhapokha atapatsidwa mamiliyoni ena. Kapitawo wa pa esiteti atanena kuti sadzawerengera fodya moona pokhapokha atamuwonjezera mphotho, angachoke tsiku lomwelo. Kuwonjezera apo, mankhwala amenewa amabweretsa nthenda ina. Bwana amene akudziwa kuti akagulitsa kampani adzalandira pa tsiku limodzi zimene akadalandira pa zaka zambiri, salinso wosakondera. Wakondera kale mbali ya kugulitsa, ndipo pamene akukambirana za mtengo wa kampani, diso lake lina lili pa pangano lake.

Amatinso msonkho wa eksaiziwo ndi wosalungama, chifukwa umapweteka kwambiri bwana watsopano amene malipiro ake a zaka zapitazo adali ochepa, pamene mnzake wokhalitsa, amene adagulitsa masheya ambiri m'zaka zisanuzo, muyezo wake umakhala wokwera ndipo amapulumuka. Izi nzoona ndithu, lamulolo lili ndi chilema chimenechi. Koma chilema cha lamulo chimakonzedwa ku Nyumba ya Malamulo, pamaso pa anthu onse. Sichikonzedwa m'chipinda chotseka, pamene bwana ndi anzake a m'bodi, amene ambiri mwa iwo ndi mabwana a makampani ena okhala ndi mapangano ofanana, agwirizana kuti ndalama za ena zilipire. Misonkho yambiri ili ndi zilema. Mlimi nayenso angathe kuloza zilema za misonkho imene amalipira, koma amalipirabe.

Mfundo yachitatu ndiyo imamveka kawirikawiri: akuti popanda ndime zoterezi, anthu aluso sangabwere. Ili ndi bodza limene lidatsutsidwa ndi zochitika, monga zionekere m'munsimu.

Boma la America silidaphunzire msanga. M'chaka cha 1993, mu ulamuliro wa a Bill Clinton, lidaika ndime ya 162(m), yoletsa makampani kuchotsera pa msonkho wawo malipiro a mabwana opitirira madola 1 miliyoni pa chaka. Koma lidasiya khomo lotsegula: malipiro operekedwa chifukwa cha ntchito yooneka sadakhudzidwe. Onse adadutsira pakhomo pomwepo. Malipiro okhazikika adaima pafupi ndi miliyoni pa chaka, ndipo zotsala zidayamba kuperekedwa m'masheya. Bungwe la Economic Policy Institute lidawerengera kuti m'chaka cha 1965 mkulu wa kampani yaikulu ankalandira pafupifupi kuchulukitsa ka 20 malipiro a wantchito wamba, koma pofika chaka cha 2000 kusiyanako kudapitirira ka 300. Khomo lija lidatsekedwa m'chaka cha 2017, patapita zaka 24, mbuzi zonse zitatuluka kale m'khola.

Koma nkhani imene ikuvula mchitidwewu mpaka kuusiya pambalambanda ndi ya kampani ya zipangizo za m'chipatala ya Medtronic. M'chaka cha 2004, Congress idaika msonkho wina wa eksaizi, pa ndime ya 4985, wa magawo 15 pa 100. Udali wa mabwana ndi a m'bodi a makampani amene asamutsa likulu lawo pa pepala kupita ku dziko lina pothawa msonkho wa ku America. Chifukwa chake chidali cha chilungamo chenicheni. Kampani ikasamuka motere, eni masheya wamba amalipira msonkho pa phindu la masheya awo ngati kuti awagulitsa, pamene mabwana, amene masheya awo ambiri amakhala a malonjezo chabe, ankapulumuka. Lamulo lidati amene apanga chiganizo chosamuka alawe nawo kuwawa kwa chiganizo chawo.

Mu June 2014 kampani ya Medtronic, ya ku Minneapolis, idalengeza kuti igula kampani ya Covidien pa madola pafupifupi 43 biliyoni ndi kusamutsira likulu lake ku Ireland. Eni masheya wamba, ena mwa iwo nkhalamba za ku Minnesota zimene zidasunga masheyawo zaka makumimakumi, adauzidwa kuti akonzekere kulipira msonkho kuchokera m'matumba awo. Nanga mabwana? Kampani idalengeza kuti idzawalipirira msonkho wawo wa eksaizi, ndipo idayerekeza kuti zimenezi zidzadya madola pafupifupi 63 miliyoni, mwa amenewa pafupifupi 25 miliyoni kukhala a mkulu wa kampaniyo, a Omar Ishrak. Chifukwa chimene chidaperekedwa chidali chakuti mabwanawo aganize za ubwino wa kampani osasokonezedwa ndi msonkho wawo. Komatu kusokonezedwa kumeneko ndiko kudali cholinga cha lamulo! Congress idafuna kuti bwana asanasaine aganize za thumba lake, monga momwe nkhalamba ija idaganizira za lake. Mwini masheya adalipira kawiri: msonkho wake woyamba, ndipo kachiwiri gawo la msonkho wa anthu amene adamubweretsera msonkhowo. M'chaka cha 2017 msonkho wa pa ndime imeneyi udakwezedwa kufika pa magawo 20, ngati kuti vuto lidali kuchepa kwa nambala. Pamene wina akukulipirira, kukweza msonkho kumangokweza mtolo wa wokulipirirayo.

Poona zonsezi, pali akatswiri ena amene akuti msonkho wa 1984 ungochotsedwa, pakuti walephera, ndipo msika uweruze wokha. Awa ndi anthu oopsa kuposa maloya aja, chifukwa akuyamba ndi choona nkumalizira pa chinyengo. Nzoona kuti lamulolo silidakwaniritse cholinga chake. Koma denga likamadontha, mwini nyumba sagwetsa nyumba, amafolera pamene pakudonthapo. Pamene pakudontha pakudziwika: lamulo lidaika msonkho pa munthu, koma silidaletse munthuyo kusenzetsa wina. Ndipo msika umene akuutamawo ndi uti? Msika weniweni umafuna wogula ndi wogulitsa amene aliyense akuteteza ndalama zake. M'chipinda cha bodi, amene akupereka sakupereka zake, amene akulangiza amalipidwa ndi kampani imene bwanayo akuyendetsa, ndipo mwini ndalama ali kutali, sadziwa kanthu mpaka chikalata chitasindikizidwa. Kumeneko ndi kusungitsa mbuzi kwa fisi nkumati nkhalango idzaweruza yokha.

Umboni wakuti kuletsa kumatheka udabwera pa nthawi ya mavuto a zachuma a 2008 ndi 2009. Boma litapereka ndalama za anthu kuti lipulumutse mabanki pansi pa ndondomeko ya TARP, lidaika malamulo. Mu February 2009 lidaletsa mabanki amene adalandira thandizo kupereka ndalama za parachuti kwa akuluakulu awo, ndipo mu June chaka chomwecho unduna wa zachuma udaletsanso kuwalipirira misonkho. Sadaike msonkho watsopano, adangonena kuti ayi. Mabanki sadasowe owayendetsa. Chimene ambiri adachita ndi kufulumira kubweza ndalama za boma kuti amasuke ku malamulowo, zimene zikusonyeza kumene mtima wawo udali. M'chaka chomwecho, mu March, kampani ya inshuwalansi ya AIG, imene idapulumutsidwa ndi ndalama za boma, itapereka mabonasi a madola 165 miliyoni, aphungu a nyumba yaing'ono adavomereza msonkho wa magawo 90 pa 100 pa mabonasi oterewo. Ku Senate nkhaniyo idafera m'mazira. Mkwiyo wa aphungu umatentha sabata imodzi, koma loya wa kampani amakhala pa desiki chaka chonse.

Kuyambira nthawi imeneyo ndime ya gross-up idachepa kwambiri m'mapangano atsopano a makampani aakulu. Nkoyenera kufunsa chimene chidaichepetsa. Sikuti mabwana adatembenuka mtima. Mabungwe olangiza eni masheya za kavotedwe, monga la Institutional Shareholder Services, adayamba kulangiza kuti a m'bodi amene avomereza ndime zatsopano zotere asavoteredwe. Kenaka lamulo la Dodd-Frank la chaka cha 2010 lidapatsa eni masheya mwayi wovota pa malipiro a mabwana ndiponso pa ndalama za parachuti pamene kampani ikugulitsidwa. Manyazi adachita zimene msonkho udalephera. Ndipo anthu aluso aja amene ankati sadzabwera, adabwera ndithu, nasaina mapangano opanda ndimeyo. Mfundo yachitatu ija idathera pomwepo.

Koma asanyengedwe munthu kuti nkhondo idatha. Voti ya Dodd-Frank ndi yolangiza chabe. Eni masheya angathe kukana, bodi nkupereka ndalamazo mawa lake, ndipo palibe khoti limene lingailetse pa chifukwa cha votiyo. Ndiponso makampani ena amene adachotsa ndimeyo m'mapangano amaibwezeretsa mwakachetechete pa masiku omaliza, pamene malonda agwirizanidwa kale ndipo a m'bodi akudziwa kuti sadzaimanso pa chisankho. Njira zina zozembera nazo zachuluka. Lamulo limati ndalama zolipira ntchito yoyenera siziwerengedwa m'parachuti, choncho amalemba pangano lakuti bwana sadzagwira ntchito ku kampani yopikisana nayo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, nkuitana katswiri kuti aike mtengo pa kukhala kwake pakhomo, ndipo mtengo umenewo umachotsedwa pa chiwerengero. Munthu akulipidwa chifukwa chosagwira ntchito, ndipo kusagwira ntchitoko kukutchedwa ntchito. Ena amafulumiza kupereka bonasi mu December, chaka cha malonda chisanafike, kuti malipiro apakatikati a zaka zisanu akwere, mpanda usunthe. Makampani amene masheya awo sagulitsidwa pa msika wa onse ali ndi njira yawoyawo kuyambira chaka cha 1986: eni masheya oposa magawo 75 pa 100 akavomereza, msonkho wonse umafafanizika. Pa msonkho umodzi wa ndime ziwiri pamera ntchito ya maloya, owerengera ndalama ndi oyesa mitengo, onse olipidwa ndi kampani kuti ateteze thumba la munthu mmodzi.

Anthu a ku Switzerland, dziko limene palibe angalinene kuti limadana ndi bizinesi, adasankha njira ina. A Thomas Minder, mwini kampani yaing'ono ya mankhwala otsukira mano ku Schaffhausen, adakwiya kuyambira m'chaka cha 2001, pamene kampani ya ndege ya Swissair, imene iwo ankaigulitsa katundu, idagwa italipiriratu mkulu wake watsopano mafaranki oposa 12 miliyoni. Adayenda kusonkhanitsa masaini mpaka nkhaniyo idafika pa voti ya dziko lonse. Kutatsala milungu yochepa, zidadziwika kuti kampani ya mankhwala ya Novartis idakonza zopatsa wapampando wake wopuma, a Daniel Vasella, mafaranki 72 miliyoni kuti asakagwire ntchito kwa opikisana nawo. Iwo adazikana ndalamazo anthu atakwiya, koma madzi adali atatayika kale. Pa 3 March 2013, anthu pafupifupi 68 pa 100 aliwonse adavomereza. Lamulo la kumeneko lidaletsa chipukuta misozi ndi malipiro olipiriratu kwa akuluakulu a makampani a pa msika wa masheya, lidapatsa eni masheya voti yomanga chaka ndi chaka, ndipo lidaika chilango cha ndende mpaka zaka zitatu. Amene ankaopseza kuti makampani onse athawa adaona Nestlé, Novartis ndi Roche zili pomwe zidali. Lamulolo silidathetse malipiro aakulu, ndipo maloya a kumeneko nawo sagona. Koma chilango cha ndende chili ndi ubwino umodzi umene msonkho wa ku America ulibe: palibe ndime ya pangano imene ingatumize mwini masheya kukagona m'ndende m'malo mwa bwana.

Chimene America idafunika kulemba m'chaka cha 1984 chidali chiganizo chimodzi chowonjezera, chonena kuti pangano lililonse lolipirira munthu msonkho umenewu ndi lopanda mphamvu, ndipo wa m'bodi wolivomereza adzabweza ndalamazo kuchokera m'thumba lake. M'malo mwake, Congress idayenda chobwerera. M'lamulo la misonkho la December 2017 idaika msonkho winanso wa eksaizi, pa ndime ya 4960, wa magawo 21 pa 100, pa malipiro opitirira madola 1 miliyoni ndi pa ndalama za parachuti za akuluakulu a mabungwe osalipira msonkho, monga zipatala zachifundo ndi mayunivesite. Ulendo uno aphungu sadavutike nkomwe kulemba dzina la bwana. Adalemba m'lamulo momwemo kuti wolipira ndi bungwe lolemba ntchito. Ndime imene maloya ankaibisa kumasamba omaliza a pangano, boma lidaitenga nkuisandutsa lamulo la dziko. Mkulu wa chipatala amalandira mamiliyoni ake osachotsedwapo msonkho umenewu, chipatala chimatumiza cheke ku Internal Revenue Service, ndipo ndalama za chekecho zimachokera kumene ndalama zonse za chipatala zimachokera, kwa odwala ndi kwa anthu opereka zachifundo.